Nambala 34 ndi Nambala 50

Mumzinda wa Chicago, kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, munthu ukanatha kukhala wopanda mpingo kapena chipani, anthu n'kukusiya. Koma kukhala wopanda maganizo pa timu ya Bears kunali kovuta. Nyengo ya mpira ikafika, Lolemba m'mawa m'basi, m'sitima, ngakhale m'kalasi momwe ife ophunzira ochokera kutali tinkakhala titakumbatira mabuku, nkhani inali imodzimodzi: dzulo Payton wathamanga bwanji, ndipo anzake amugwiritsa mwala motani. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Dedza, komwe timadzitama kuti kuzizira timakudziwa, ndipo mphepo ya pa nyanja ya Michigan inandionetsa kuti June wakwathu ndi masewera. Mpira womwe ndinkaudziwa unali wamiyendo. Uwu wa ku America, wa anthu ovala zisoti ndi zotchinga m'mapewa, poyamba ndinkangoona ndewu yomwe woyimbira amaileretsa kenako n'kuiyambitsanso yekha.

Kwa amene simunauonepo, mutu wake ndi uwu. Timu iliyonse imalowetsa anthu 11. Yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10. Ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi, ikalephera mpira umapita kwa anzawo. Ikaufikitsa kumapeto kwa bwalo ndiye touchdown, mapointi 6. Kusuntha kwake kuli pawiri. Wosewera wotchedwa quarterback akhoza kuponyera mnzake m'mwamba, kapena kuupereka m'manja mwa running back, yemwe amaufumbata n'kuthamanga nawo pakati pa zimphona. Mbali inayo, kuseri kwa mzere woyamba wa otchinga, kumaima anthu atatu kapena anayi otchedwa ma linebacker, ndipo ntchito yawo yaikulu ndi kukumana ndi running back uja asanapite patali. Awiriwa amayang'anizana masana onse, pakati pawo pali mayadi ochepa, ndipo sungamvetse mmodzi usanamvetse mnzake.

Amene ananditsegula maso anali bambo ena achikulire a m'nyumba yogundana ndi yanga, kummwera kwa mzindawo. Anabadwira ku Mississippi, n'kubwera ku Chicago ali anyamata pamodzi ndi khwimbi la anthu akuda omwe ankathawa minda ya thonje ndi tsankho, ndipo anakalambira m'fakitale ya zitsulo. Payton, running back wa Bears, naye anali mwana wa ku Mississippi, wa m'tauni ya Columbia, choncho iwo ankamutenga ngati mwana wa m'bale wawo. Lamlungu ndikabwera kutchalitchi ankagogoda khoma, ine n'kudziwa kuti kanema wayatsidwa ndipo mpando wanga ulipo. Lamulo lawo loyamba linali lakuti ndisamayang'ane mpira. Ankati mpira amayang'ana ana ndi alendo, munthu wamkulu amayang'ana mapazi a anthu omwe alibe mpirawo. Kamera inkatsatira mpira, ndiye panafunika kulimbana ndi maso ako omwe kuti uone zomwe zikuchitika m'mphepete mwa galasi. Ndikaiwala n'kuyamba kuchemerera amene akuthamanga, ankandigunda ndi chigongono n'kundifunsa kuti amene watsegula njirayo ndani.

Ndi iwo anandiuza za tsiku loyamba la Walter Payton mu ligi ya NFL, pa 21 September 1975, pa bwalo la Soldier Field. Bears inali itamusankha wachinayi mwa anyamata onse ochokera m'makoleji chaka chimenecho, ngakhale ankachokera ku Jackson State, koleji ya anthu akuda yomwe makanema akuluakulu sankaionetsa kawirikawiri. Tsikulo, polimbana ndi Baltimore Colts, anapatsidwa mpira ka 8, ndipo mayadi ake onse atawonkhetsa anali 0. Bears inagonja 35 kwa 7. Chaka chonsecho anangopeza mayadi 679. Bambo aja ankati anzawo kuntchito ankawaseka kuti mwana wa kwanu uja ndi ameneyu, koma iwo mtima unali m'malo, chifukwa anaona kuti mnyamatayo ankamenyedwa asanafike n'komwe pamzere, anthu awiri kapena atatu atam'kwera, koma pogwa ankagwera kutsogolo. Wowerenga nyuzipepala m'mawa mwake anaona 0. Iwo anaona mzere wobowoka ndi mnyamata wokana kubwerera m'mbuyo.

Chaka chotsatira anapeza mayadi 1,390. Mu 1977 anapeza 1,852, m'masewera 14 okha, n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Pa 20 November chaka chomwecho, akudwala chimfine thupi lili moto, anapatsidwa mpira ka 40 polimbana ndi Minnesota Vikings ndipo anathamanga mayadi 275, kuposa 273 a O.J. Simpson omwe anali asanapitiridwe ndi wina aliyense. Koma taonani mapeto ake: Bears 10, Vikings 7. Munthu mmodzi wathamanga mabwalo pafupifupi atatu, timu yake n'kupeza mapointi 10 okha. Imeneyo ndiyo timu yomwe Payton anaisenza zaka zake zoyamba. Aliyense m'bwalo, kuyambira kochi wa adani mpaka wogulitsa mowa, ankadziwa kuti mpira ukupita kwa nambala 34, ndipo unkapitadi.

Apa ndi pomwe ndinaphunzira kugawa mayadi a running back pawiri. Pali mayadi omwe mzere wam'patsa, pomwe anzake asanu akutsogolo akankha adani n'kusiya khomo loti ngakhale ine ndikanadutsa. Ndiye pali mayadi omwe wadzipezera yekha munthu woyamba atam'gwira kale. M'buku la ziwerengero onsewa amalembedwa mofanana, koma si ofanana. Payton sanali wamkulu thupi, anali wa mamita 1.78 ndi makilogalamu pafupifupi 90, ndiponso sanali wothamanga kwambiri mu ligi. Chomwe anali nacho n'chakuti sankalola kuti mdani akhale woyamba kumenya. Akafika m'mphepete mwa bwalo, pomwe anzake ambiri amangotuluka kunja kuti apewe kugundidwa, iye ankatsitsa phewa n'kulunjika amene akubwerayo, kapena kum'kankha ndi dzanja lowongoka pachisoti. Akayandikira mzere wa touchdown ankadumpha pamwamba pa mulu wonse wa anthu n'kukagwera kuseri mutu pansi. Tinkagwira mtima nthawi zonse, iye n'kudzuka n'kupereka mpira kwa mnzake wa mzere kuti aumenyetse pansi.

Koma chomwe bambo aja ankachikonda koposa n'chomwe nyuzipepala sizinkalemba. Quarterback akafuna kuponya, adani amatumiza linebacker kuti am'thamangire, ndipo amene amayenera kuima pakhomopo ndi running back. Akatswiri ambiri a mayadi ntchito imeneyi amaichita monyinyirika, amangodziponya kumapazi a mdani maso atatsinzina. Payton ankaidikira mokondwa. Ankaima, n'kupinda mawondo, n'kumenya munthu wom'posa kulemera pansi pa chibwano mpaka kum'nyamula. Mpaka lero, ndikafuna kudziwa ngati running back wachinyamata akhalitsa, ndimadikira mwayi wachitatu pomwe timu ikufuna mayadi ambiri, n'kuona ngati kochi wam'siya m'bwalo. Akam'tulutsa, ndiye kuti sakum'khulupirira pa kuteteza quarterback, kaya Lamlungu lapitalo anathamanga mayadi angati.

Pa zaka 13 Payton anaphonya masewera amodzi okha, chaka chake choyamba, ndipo mpaka anapuma ankadandaulabe kuti kochi anam'letsa iye ali bwinobwino. Mphamvu zimenezo ankazitenga pa chitunda china ku Arlington Heights, chomwe ankachikwera mothamanga mobwerezabwereza nyengo yopuma; osewera ena omwe ankapita naye ambiri ankabwerako atasanza. Anawakha mipira 492, ndipo iye mwini anaponya mipira 8 yomwe inabala touchdown. Pa 7 October 1984, polimbana ndi New Orleans Saints, anadutsa mayadi 12,312 a Jim Brown n'kukhala woyamba m'mbiri ya ligi. Masewera anaima pang'ono, iye n'kuchita kuthamangitsa ojambula kuti atuluke m'bwalo mpira upitirire. Bambo aja tsiku limenelo sanandigunde chigongono ngakhale kamodzi. Anangovula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Za linebacker ndinaziphunzira pa munthu yemwe ndinamuona kuyambira tsiku lomwe anafika. Kusankha osewera kwa 1981 kunali kwa ma running back ndi ma linebacker. Woyamba anali George Rogers, running back, yemwe anapita ku New Orleans. Wachiwiri anali Lawrence Taylor, yemwe anapita ku New York Giants ndipo chaka chake choyamba chomwecho anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana onse mu ligi. Taylor ndi amene amasokoneza anthu mpaka lero. Munthu wotere amabadwa kamodzi pa m'badwo, koma chifukwa iye anafika atapsa kale, ochemerera amafuna kuti mnyamata aliyense afike chimodzimodzi. Mike Singletary anadikira mpaka gawo lachiwiri, nambala 38, kuti Bears im'tenge. Anali mzime m'banja la ana 10 la mlaliki wa ku Houston, ndipo ku koleji ya Baylor ankadziwika kuti anathyola zisoti 16. Chomwe matimu ankam'kanira chinali msinkhu: mamita 1.83 ankati ndi wamfupi pa linebacker wapakati.

Atafika anapeza Buddy Ryan, kochi wa otchinga, munthu wa ku Oklahoma yemwe anali sajeni pankhondo ya ku Korea ndipo usajeniwo sanausiye. Ryan anyamata atsopano sankawatchula maina. Ankawaitana ndi nambala ya pa jezi, kapena dzina lachipongwe, ndipo Singletary ankauzidwa pamaso kuti ndi wonenepa ndi wochedwa. Chaka choyamba chili mkati anayamba kulowa woyamba, koma ikafika nthawi yoti adani aponye, Ryan ankam'tulutsa. Tinkamuona pakanema akutuluka mutu uli pansi, atakwiya, n'kukaima pafupi ndi kochiyo ngati akuti ndioneni ndili pano. Mnyamatayo anachepetsa thupi, anaphunzira kubwerera m'mbuyo n'kumatsatira owakha mpira, ndipo anakhala m'chipinda cha mafilimu mpaka ena onse atapita kwawo. Pofika 1983, chaka chake chachitatu, anali kaputeni wa otchinga, sankatulukanso, ndipo anasankhidwa koyamba kupita ku Pro Bowl, masewera a akatswiri osankhika mu ligi, komwe anapita zaka 10 zotsatizana.

Zaka ziwiri zoyambazo, bambo aja ankandionetsa chinthu chimodzi pa Singletary, nambala 50: phazi loyamba. Mpira ukangotuluka pamzere, linebacker ali ndi kamphindi kochepa kwambiri koti aganize kuti ukupita kuti. Amene sanakhwime amayang'ana quarterback, ndipo quarterback ndi wabodza mwa ntchito yake. Amanamizira kupereka mpira kumanja pamene ukupita kumanzere, amanamizira kupereka kwa running back pamene akufuna kuponya. Mnyamata akaponda phazi limodzi lolakwika, ngakhale atathamanga bwanji, wachedwa kale. Wokhwima amayang'ana anthu awiri oyandikana ndi amene amayambitsa mpira pakati pa mzere, otchedwa ma guard, chifukwa iwo ndi olemera ndipo thupi lolemera silidziwa kunama. Guard akatsamira pazala mpaka zala kuyera, ndiye kuti akubwera kutsogolo, kukhala kuthamanga. Akakhalira kuzidendene, ndiye kuti abwerera m'mbuyo kuteteza woponya, kapena atembenuka kuthamangira mbali. Aliyense amene anawetapo ng'ombe akudziwa zimenezi: nkhunzi yomwe ikufuna kuthawira m'munda wa eni ake imayamba ndi khutu ndi phewa, ndipo mbusa wodikira kuti miyendo inyamuke ndi amene amakalipira chimanga. Singletary chaka choyamba ankaponda molakwika kawirikawiri, koma bambo aja ankati ndiziwerenga ngati cholakwa cha Lamlungu lino ndi chomwecho cha Lamlungu lapita. Sichinkakhala chomwecho. Cholakwa chilichonse ankachichita kamodzi n'kuchisiya.

Ziwerengero za linebacker zimanama kuposa za running back. M'buku amalemba kuti wagwetsa anthu angati, koma kugwetsa munthu pamzere ndi kum'gwetsa atathamanga kale mayadi 8 zimalembedwa mofanana. Timu yofooka, yomwe otchinga ake amakhala m'bwalo masana onse, nthawi zambiri imakhala ndi linebacker wa ziwerengero zochititsa kaso. Ndiye pali ntchito yomwe silembedwa konse: kugundana ndi fullback, yemwe amatsogolera running back, n'kutseka khomo ndi thupi lako kuti mnzako adzagwetse munthu n'kutenga ulemu. Palinso pakamwa. Linebacker wapakati ndi amene amaona momwe adani aimira n'kusintha malo a anzake 10 mpira usanayambe. Kamera inkakonda maso a Singletary, otong'oka, osaphethira, akuyang'ana kudutsa pa zitsulo za chisoti, ndipo anthu ankati ndi maso a munthu wamisala. Ife tinkadziwa kuti akuwerenga.

Anzake awiri nawonso anadikira. Otis Wilson, nambala 55, anasankhidwa m'gawo loyamba mu 1980 kuchokera ku Louisville, ndipo zinam'tengera nthawi kuti Ryan am'khulupirire. Wilber Marshall, nambala 58, anasankhidwa wa nambala 11 mu 1984 kuchokera ku Florida, koma chaka choyamba anathera nthawi yambiri pabenchi. Malo anawapeza mu 1985 chifukwa Al Harris, yemwe anali mwini malowo, anakana kusewera chaka chonse pa nkhani ya malipiro. Ryan ankaimika Wilson ndi Marshall mbali imodzi, n'kuunjika anthu 8 pafupi ndi mzere, m'kaimidwe komwe anakatcha 46 potengera jezi ya wotchinga wake wina, Doug Plank. Kaimidwe kameneka kankafuna anthu odziwa ntchito ya mnzawo ngati yawo yomwe, n'chifukwa chake mnyamata watsopano sankatha kungolowamo.

Chaka cha 1985 ndi chomwe tinakolola. Pansi pa kochi wamkulu Mike Ditka, Bears inapambana masewera 15 mwa 16, ndipo adani onse pamodzi anangopeza mapointi 198. Yomwe inatichititsa manyazi ndi Miami Dolphins yokha, Lolemba usiku pa 2 December, 38 kwa 24, pomwe quarterback wawo Dan Marino ankaponya mofulumira otchinga asanam'fike. Mu January 1986, m'masewera ochotsana, tinakwapula New York Giants 21 kwa 0, ndipo pa 12 January kunabwera Los Angeles Rams ndi Eric Dickerson, yemwe mu 1984 anathamanga mayadi 2,105, chiwerengero chomwe palibe wachidutsa mpaka pano. Dickerson anali wamtali, wothamanga ali njo, wovala magalasi mkati mwa chisoti, ndipo akapeza kampata kakang'ono ankangosowa. M'chigawo choyamba Rams inkafuna yadi imodzi pa mwayi wachitatu. Mpira anapatsa Dickerson, ndipo pomwe ankafika pakhomo anapeza Singletary atafika kale. Kugundana kwake kunamveka pakanema, Dickerson anabwerera m'mbuyo, Singletary n'kudzuka akukuwa, nthunzi ikutuluka m'chisoti. Atationetsanso pang'onopang'ono, bambo aja anaimirira n'kuloza galasi ndi chala kuti ndione kuti nambala 50 ananyamuka mpira usanafike m'manja mwa Dickerson. Tsikulo Dickerson anapeza mayadi 46 okha atapatsidwa mpira ka 17. Chakumapeto Richard Dent wa Bears anagwetsa quarterback, mpira unagwa, Marshall anautola n'kuthamanga nawo mayadi 52 chipale chofewa chikuyamba kugwa. Zinatha 24 kwa 0.

Super Bowl, masewera otsiriza olimbirana chikho, inali pa 26 January ku New Orleans, ndipo Bears inagonjetsa New England Patriots 46 kwa 10. Patriots inathamanga mayadi 7 masewera onse. Singletary anatola mipira iwiri yomwe adani anagwetsa. Koma Payton, yemwe anadikira tsikuli zaka 11, mpira unam'pulumuka koyambirira, ndipo anatsiriza ndi mayadi 61 atapatsidwa ka 22, wopanda touchdown. Bears itafika pa yadi imodzi, Ditka anapereka mpira kwa William Perry, chimphona cha mzere wa otchinga chomwe anthu ankachikonda chifukwa cha kunenepa, ndipo patapita nthawi Ditka anavomereza poyera kuti zimenezo zimamuwawa. Ndimawerengabe anthu akulemba kuti Payton sanasewere bwino tsiku lalikululo. Aonerenso filimuyo osayang'ana mpira. Kulikonse komwe nambala 34 ankapita, otchinga awiri kapena atatu a Patriots ankam'tsatira, ndipo malo omwe ankawasiyawo ndi omwe anzake Jim McMahon, Matt Suhey ndi Willie Gault ankadyapo. Koma iye mwini sizinam'tonthoze. Anali munthu, ankafuna touchdown yake, ndipo ine ndimaona kuti anayenera kupatsidwa.

Ryan anachoka nthawi yomweyo kupita ku Philadelphia, Payton anapuma itatha nyengo ya 1987 ali ndi mayadi 16,726, Singletary anapuma mu 1992 atasankhidwa kawiri, mu 1985 ndi 1988, kukhala wotchinga wopambana onse. Bambo aja anatisiya zaka zimenezo zisanathe. Zomwe zinatsatira ku Chicago zinali phunziro la mbali inayo. Mu 1995 Bears inatenga Rashaan Salaam, yemwe anali atangolandira chikho cha Heisman cha wosewera wopambana m'makoleji onse. Chaka choyamba anathamanga mayadi 1,074, mzinda wonse n'kuyamba kunena kuti wina wapezeka. Koma mpira unkam'pulumuka kawirikawiri, kuvulala kunabwera, ndipo patatha zaka zitatu anachoka. Curtis Enis, wosankhidwa wachisanu mu 1998, bondo linam'thera chaka choyamba. Ndikaika 679 ya Payton pambali pa 1,074 ya Salaam, ndimawamvera chisoni akuluakulu omwe ntchito yawo ndi kulosera za anyamata a zaka 21.

Masiku ano amawasonkhanitsa ku Indianapolis chaka chilichonse, atavala makabudula, n'kuwayeza liwiro pa mayadi 40, kudumpha, ndi kunyamula chitsulo cha mapaundi 225. Sindikunyoza zimenezi, thupi nalo ndi lofunika. Koma pa mayadi 40 amenewo palibe guard wonamiza ndipo palibe munthu wofuna kukuthyola nthiti. Emmitt Smith ankamunena kuti ndi wamng'ono ndi wosathamanga, anasankhidwa wa nambala 17 mu 1990, ndipo ndi iye anadzadutsa Payton mu October 2002 n'kutsiriza ndi mayadi 18,355. Brian Urlacher, yemwe Bears inam'tenga wa nambala 9 mu 2000, ku koleji ya New Mexico ankasewera kumbuyo kwenikweni. Makochi anayamba kumuika pambali, anasokonezeka, malo n'kutengedwa ndi Rosevelt Colvin. Linebacker wapakati Barry Minter atavulala anamuika pakatipo, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wotchinga watsopano wopambana. Munthu yemweyo, miyendo yomweyo, mwezi umodzi akuoneka wosathandiza, mwezi winawo katswiri, chifukwa cha pomwe amuimika basi.

Tsopano ndili kwathu, ndipo mpirawu ndimauonera pa intaneti. Masewera omwe ku Chicago amayamba masana kuno amandipeza nditadya nsima yamadzulo. Ausiku ndiye amafuna munthu wodzuka atambala asanalire, ndipo adzukulu anga, omwe mitima yawo ili ku Bullets, Wanderers ndi matimu a ku England, amangoti agogo ayambanso. Mpirawo wasintha. Matimu amaponya kwambiri, linebacker wa lero ndi wopepuka ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuthamangitsa owakha, ija yomwe Ryan ankatulutsira Singletary. Running back anatsika mtengo moti mu 2013 ndi 2014 palibe ngakhale mmodzi anasankhidwa m'gawo loyamba. Eni matimu amati miyendo yake imatha asanafike zaka 30 ndipo wina wotsika mtengo akhoza kuchita zomwezo. Zina n'zoona, koma New York Giants italola Saquon Barkley kuchoka, anakathamanga mayadi 2,005 ku Philadelphia mu 2024, timuyo n'kutenga Super Bowl. Kumeneko anapeza mzere womwe ku New York analibe, ndiye nkhani ya mayadi awiri ija inabwereranso. Poyerekeza ziwerengero muzikumbukiranso kuti nyengo inali ya masewera 14 mpaka 1977, ya 16 kuyambira 1978, ndipo ndi ya 17 kuyambira 2021.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindichemereranso monga kale, ndicho kugundana kwa zisoti. Dave Duerson, yemwe ankaima kuseri kwa ma linebacker athu mu 1985, anadzipha mu 2011 atasiya uthenga woti ubongo wake ukaunikidwe, ndipo madokotala ku Boston anaupeza utawonongeka ndi kugundidwa kwa zaka zambiri. Zisoti 16 za ku Baylor zija, zomwe tinkazifotokoza monyadira, lero ndimazimva mwina. Mnyamata amene amagwetsa ndi phewa, mutu uli pambali maso ali kumwamba, ndimam'patsa ulemu womwe kale ndinkapatsa womenya ndi mutu.

Payton zambiri mwa izi sanazione. Kumayambiriro kwa 1999 analengeza kuti ali ndi matenda osowa a chiwindi, kenako kunapezeka khansa, ndipo anamwalira pa 1 November. Miyezi yomalizayo amene ankamuyendetsa pagalimoto anali Suhey, fullback yemwe ankam'tsegulira njira, ndipo masiku omaliza Singletary anakhala pambali pake akum'werengera Malemba. Miyezi ingapo m'mbuyomo Barry Sanders wa Detroit, yemwe ankatizunza kawiri pachaka, anali atapuma mwadzidzidzi atatsala mayadi 1,457 kuti am'peze. Loweruka pa 6 November anthu anasonkhana ku Soldier Field kudzam'kumbukira, ndipo m'mawa mwake Bears inapita ku Green Bay, kwa adani athu akalekale a Packers, omwe anali atatigonjetsa ka 10 motsatizana. Masekondi omaliza Bears inkatsogola 14 kwa 13, koma Packers inali pafupi, Ryan Longwell akukonzeka kumenya mpira wa mapointi 3 pa mtunda wa mayadi 28, mtunda womwe akatswiri saphonya. M'chipinda momwe tinali, ena anali atayamba kale kuvala majekete. Mpira unamenyedwa, dzanja linatuluka pamwamba pa mzere n'kuuphula, ndipo tinakuwa mpaka a nyumba yapansi anabwera kudzagogoda. Dzanjalo linali la Bryan Robinson, mnyamata wa mzere wa otchinga wochokera ku Fresno State, yemwe pa kusankha kwa 1997 matimu onse 30 anam'dutsa m'magawo onse 7.